Zimene makoswe a m'labotale aulula pa potaziyamu ndi mankhwala a shuga

Anthu ambiri odwala matenda a shuga ku Kanjedza, ku Limbe, ku Chichiri, ku Bangwe ndi m'madera ena a mzinda wa Blantyre amamwa mankhwala a mitundu iwiri kapena itatu m'mawa uliwonse. Pali metformin, pali glibenclamide, ndipo kwa ambiri palinso kapiritsi kotsitsa kuthamanga kwa magazi kotchedwa hydrochlorothiazide, kamene m'kabuku ka kuchipatala kamalembedwa mwachidule kuti HCT. Wodwala akakwera minibasi kupita ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth kapena akalowera ku chipatala chaching'ono cha Limbe, chimene amayembekezera kukamva ndi nambala imodzi yokha: shuga ali pati lero. Koma m'magazi omwewo muli chinthu china chimene sichitchulidwa kawirikawiri pamzere wa odwala, chikhalirecho chimakhudza kagwiridwe ka ntchito ka mankhwalawa. Dzina lake ndi potaziyamu.

Dzinali likhoza kumveka lachilendo, koma chinthu chake nchakale m'makomo a dziko lino. Mlimi aliyense amene anawerengapo zolembedwa pa thumba la feteleza wa NPK anakumana nacho kale, pakuti chilembo chomaliza chija, K, chimaimira potaziyamu. Feteleza wokulitsa wa 23:21:0+4S, amene alimi a chimanga anamuzolowera kwa zaka zambiri, ali ndi ziro pamalo achitatu, kutanthauza kuti mulibemo potaziyamu. Amayi akale nawo ankamudziwa bwino, ngakhale sankamutchula dzina limeneli. Akatentha zitsononkho kapena mapesi, nkuika phulusa lake m'chiwiya chobooka pansi, nkuthira madzi ndi kutchera amene akudontha, ankapeza chidulo chophikira thelere. Mphamvu ya chidulo yofewetsa ndiwo imachokera makamaka ku potaziyamu wa m'phulusa. Ngakhale dzina lake la Chingerezi linachokera ku mawu otanthauza phulusa la mumphika, ndipo katswiri wa ku England, Humphry Davy, anamulekanitsa koyamba mu 1807 kuchokera ku mchere wa mtundu womwewo.

M'thupi la munthu, pafupifupi magawo 98 pa 100 alionse a potaziyamu amakhala m'kati mwa maselo, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga minofu, chiwindi, mtima ndi ziwalo zonse. Wotsala wochepayo ndiye amayenda m'magazi, ndipo thupi limamusunga pamlingo wopapatiza kwambiri, pakati pa 3.5 ndi 5.0 pa muyeso umene malabotale a zipatala amagwiritsa ntchito. Kusiyana kumeneku, kwa wochuluka m'kati ndi wochepa kunja, nkumene kumachititsa kuti selo lililonse likhale ngati kabatire kakang'ono. Mtima umagunda ndi mphamvu imeneyi, mitsempha imatumiza mauthenga ndi mphamvu imeneyi, ndipo, monga agalu ndi makoswe anasonyezera akatswiri, insulini amatulukanso ndi mphamvu yomweyi.

Kuchokera kwa agalu kufika pa kachitseko

Zambiri zimene madokotala akudziwa lero za matenda a shuga zinayambira pa nyama. Mu 1889, ku Strasbourg, Oskar Minkowski ndi Joseph von Mering anachotsa m'mimba mwa galu chiwalo chimene madokotala amachitcha pancreas, chimene ambiri kuno amachitcha kapamba. Galuyo anayamba kukodza kosalekeza, ndipo mkodzo wake unapezeka wodzaza ndi shuga. Mu 1921, ku Toronto, Frederick Banting ndi Charles Best anatenga madzi ochokera m'kapamba nkubaya agalu odwala shuga, shuga wawo nkutsika. Mu January 1922 mnyamata wina, Leonard Thompson, anakhala munthu woyamba kulandira insulini. Pasanathe zaka zambiri, ofufuza anaona chinthu chimene sanachiyembekezere: insulini akabayidwa, si shuga yekha amene amatsika m'magazi, potaziyamu nayenso amatsika. Insulini amakankhira zonse ziwiri m'kati mwa maselo.

Mapiritsi a gulu la glibenclamide anapezeka mwangozi, ndiponso mwa njira yomvetsa chisoni. Mu 1942, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili m'kati, dokotala Marcel Janbon wa ku Montpellier m'dziko la France ankayesa mankhwala atsopano pa odwala typhoid. Ena mwa odwalawo anayamba kukomoka, ena anamwalira, ndipo zinadziwika kuti shuga wawo anali atatsikiratu. Mnzake wina, Auguste Loubatières, anatenga mankhwalawo nkukawayesa pa agalu. Galu wokhala ndi kapamba wake, shuga ankatsika. Galu wochotsedwa kapamba, mankhwalawo sankachita kanthu. Apa zinaonekeratu kuti mankhwalawa salowa m'malo mwa insulini, koma amakakamiza kapamba kutulutsa insulini amene ali naye. Tolbutamide anayamba kuperekedwa kwa odwala cha m'ma 1956, ndipo glibenclamide anadzatsatira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960.

Chodabwitsa nchakuti kwa zaka pafupifupi 30 madokotala ankapereka mapiritsiwa asakudziwa malo enieni amene amakagwira. Yankho linabwera mu 1984, pamene Frances Ashcroft ndi anzake a ku yunivesite ya Oxford, pogwiritsa ntchito maselo a kapamba wa khoswe, anapeza kuti pakhungu la selo lopanga insulini pali timitseko tapadera todutsira potaziyamu, ndipo shuga akachuluka timitsekoti timatsekeka. Chaka chotsatira ofufuza a ku Cambridge anasonyeza kuti mapiritsi a gulu lija amatseka timitseko tomweti.

Kagwiridwe kake ka ntchito nkoyenera kukamvetsa pang'onopang'ono, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Munthu asanadye, timitseko tija timakhala totsekuka, potaziyamu amatuluka pang'onopang'ono m'selo, ndipo selolo limakhala phee, osatulutsa insulini wambiri. Munthu akadya nsima, chakudyacho chimasanduka shuga, shugayo amalowa m'selo ndi kuphwanyidwa kuti apereke mphamvu. Mphamvu imeneyi ikachuluka imatseka timitseko. Potaziyamu akasowa potulukira, magetsi a m'selo amasintha, ndipo kusinthako kumatsekula timitseko tina tolowera kashiamu. Kashiamu akalowa, timatumba tosunga insulini timakhuthulira insulini m'magazi. Glibenclamide amadumpha masitepe oyambirira onsewo, nkupita kukatseka kachitseko ka potaziyamu mwachindunji, kaya munthu wadya kaya sanadye. Ichi nchifukwa chake wodwala amene wamwa glibenclamide m'mawa nkukhala pamzere wa kubanki kapena wa mafuta a galimoto mpaka masana osaika kanthu m'kamwa amatha kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira, ngakhale kukomoka kumene. Piritsi limagwira ntchito yake mokhulupirika, koma silidziwa kuti m'mimba mulibe kanthu.

Umboni wamphamvu unachokera ku mbewa. Mu 1998, gulu la Susumu Seino ku yunivesite ya Chiba m'dziko la Japan linapanga mbewa zobadwa zopanda timitseko timeneti. Maselo a kapamba a mbewazi sankalabadira shuga, ndipo sankalabadiranso tolbutamide. Popanda kachitseko, piritsi linalibe chotseka. Komabe mbewazo sizinadwale shuga kwambiri monga momwe ambiri akanaganizira, chifukwa matupi awo ankamva msanga insulini wochepa amene analipo. Limeneli linali chenjezo loyambirira lakuti thupi lathunthu lili ndi njira zambiri zodzikonzera kuposa selo limodzi la m'mbale ya labotale.

Nzeru imeneyi sinathere m'makola a mbewa. Mu 2004, gulu la Andrew Hattersley ku Exeter, mogwirizana ndi Ashcroft, linapeza kuti makanda ena amene amapezeka ndi shuga asanakwanitse miyezi isanu ndi umodzi amakhala kuti anabadwa ndi timitseko tokana kutsekeka. Mu 2006 zotsatira zinasonyeza kuti odwala 44 mwa 49 a mtundu umenewu anasiya jakisoni wa insulini nkuyamba kumwa mapiritsi. Ndi odwala ochepa kwambiri padziko lonse amene ali ndi vuto limeneli, ndipo si njira imene mwana aliyense wobaya insulini angatsate, koma nkhaniyi ikusonyeza kutalika kwa ulendo umene unayambira pa kapamba wa khoswe.

Khoswe akamanidwa potaziyamu

Ngati insulini amatuluka chifukwa cha kayendedwe ka potaziyamu, funso lotsatira limadzifunsa lokha: nanga potaziyamuyo akachepa m'thupi chimachitika nchiyani? Ofufuza anali atayamba kale kulondola funsoli timitseko tija tisanadziwike. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mpaka m'ma 1960, magulu angapo ku America ankadyetsa makoswe chakudya chochotsedwa potaziyamu, kenaka nkuwapatsa shuga ndi kuyeza magazi awo. Chithunzi chimene chinatuluka m'kafukufuku wotere nchakuti khoswe woperewera potaziyamu amavutika kutsitsa shuga, ndipo vuto lalikulu limaoneka kuti lili pa katulutsidwe ka insulini. M'malabotale, chotsutsana nacho chimachitika tsiku ndi tsiku: wofufuza akafuna kuona ngati maselo a kapamba ali moyo ndipo angathe kutulutsa insulini, amangowathira madzi okhala ndi potaziyamu wambiri, insulini nkutuluka ngakhale palibe shuga.

Akatswiri ambiri amafotokoza motere. Potaziyamu wa kunja kwa selo akachepa, wa m'kati amakokedwa kwambiri kuti atuluke, ndipo selo limalowa m'tulo tozama kuposa masiku onse. Kuti lidzuke pamafunika kuligwedeza kwambiri. Tingayerekeze ndi galimoto imene batire yake yafooka: kiyi ndi yomweyo, woyendetsa ndi yemweyo, koma injini imazengereza kulira. Shuga wa m'chakudya ndi piritsi la glibenclamide onse amagogoda pa khomo limodzi, choncho khomolo likalimba, onse awiri amavutika.

Zimene zinaoneka pa makoswe zinadzaonekanso pa anthu. Mu 1965, dokotala Jerome Conn wa ku yunivesite ya Michigan analemba za odwala amene matupi awo ankataya potaziyamu wambiri chifukwa cha vuto la tiziwalo tokhala pamwamba pa impso. Ambiri a iwo shuga ankakwera, ndipo potaziyamu akabwezeretsedwa zinthu zinkayamba kusintha. Mu 1980, John Rowe ndi anzake anachepetsa dala potaziyamu m'matupi a anyamata ochepa athanzi amene anadzipereka. Patangotha pafupifupi sabata imodzi, insulini amene matupi awo ankatulutsa anatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo mphamvu yawo yochotsa shuga m'magazi inatsikanso chimodzimodzi. Mu 1983, gulu lina ku America linapatsa anthu athanzi hydrochlorothiazide pamlingo waukulu kuposa umene umaperekedwa masiku ano. Potaziyamu akaloledwa kutsika, katulutsidwe ka insulini kankasokonekera. Potaziyamu wotayikayo akamabwezeretsedwa, vutolo silinkaoneka.

Pali mtundu wina wa makoswe umene ukuyenera kutchulidwa, chifukwa moyo wake ukufanana pang'ono ndi wa anthu a m'tauni. M'zaka za m'ma 1960, Lewis Dahl wa ku Brookhaven m'dziko la America anaweta makoswe amene magazi awo amathamanga kwambiri akangodya mchere wochuluka. Mu 2002, ofufuza a ku Tokyo anadyetsa makoswe a mtundu umenewu chakudya chamchere wambiri, ndipo anapeza kuti kuwonjezera pa kuthamanga kwa magazi, matupi awo anayamba kukana kumvera insulini. Atawonjezera potaziyamu m'chakudya chomwecho, kumvera insulini kunabwererako. Apa nkhani yasintha pang'ono: sikuti kapamba walephera kutulutsa, koma minofu ikunyalanyaza insulini amene watuluka. Ndiye kuti potaziyamu angathe kukhudza mbali zonse ziwiri za matenda a shuga a akuluakulu, ndipo samayenda yekha, amayenda mokokanakokana ndi mchere wa patebulo.

Metformin, amene ndi mankhwala oyamba kuperekedwa kwa akuluakulu ambiri opezeka ndi shuga, alibe chochita ndi kachitseko kaja. Ntchito yake yaikulu ndi kuletsa chiwindi kuthira shuga wochuluka m'magazi. Dokotala wa ku Paris, Jean Sterne, ndiye anayamba kumugwiritsa ntchito pa odwala shuga mu 1957. Ubale wake ndi nkhani ino umadutsira ku impso, monga zionekere kutsogoloku.

Kapiritsi ka HCT

Apa mpamene nkhani ya m'labotale ikufika pakhomo la wodwala wa ku Kanjedza. HCT amatsitsa kuthamanga kwa magazi pochititsa impso kutaya mchere ndi madzi, ndipo potaziyamu amatayikira limodzi mumkodzo. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo 5.6 pa 100 alionse anali ndi shuga. Matenda awiriwa amakonda kukhala m'thupi limodzi, choncho anthu omwa HCT pamodzi ndi mapiritsi a shuga ndi ochuluka. Mu 2006, ofufuza ena anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 59 wa mankhwala a gulu la HCT, ndipo anapeza kuti pamene potaziyamu anatsika kwambiri, shuga anakweranso kwambiri. Ku Britain, kafukufuku wotchedwa PATHWAY-3, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016, anasonyeza kuti HCT akaphatikizidwa ndi amiloride, mankhwala osunga potaziyamu m'thupi, kuthamanga kwa magazi kumatsika bwino popanda kukweza shuga.

Wina akhoza kuwerenga zimenezi nkuganiza zotaya kabotolo ka HCT. Kumeneko kungakhale kuthawa mvula nkukagwera mumtsinje. Kukwera kwa shuga kobwera ndi mlingo waung'ono wa HCT nkochepa, pamene sitiroko imene kapiritsika kamathandiza kupewa imatha kupha kapena kupuwalitsa munthu tsiku limodzi. Phunziro lenileni la makoswe aja ndi lakuti wodwala womwa HCT amene shuga wake wayamba kukwera popanda chifukwa chooneka, makamaka ngati akumvanso kufooka kwa miyendo, kukokana kwa minofu usiku, kudzimbidwa kapena mtima kugunda modumphadumpha, ayenera kuyezedwa potaziyamu asanangowonjezeredwa mapiritsi a shuga. Nthawi zina vuto silikhala kuchepa kwa mankhwala, koma kutayika kwa mchere umene mankhwalawo amadalira.

Pamene khoswe asiyana ndi munthu

Kafukufuku wa pa nyama ali ndi malire ake, ndipo ogulitsa mankhwala a m'mabotolo okongola sakonda kuwatchula. Choyamba, nyama zambiri za m'labotale sizidwala shuga monga amadwalira munthu. Zimadwalitsidwa. Mu 1943, ku Glasgow, kunapezeka kuti mankhwala otchedwa alloxan amawononga maselo opanga insulini mwa akalulu, ndipo mu 1963 kunapezekanso kuti streptozotocin amachita zomwezo pa makoswe ndi agalu. Khoswe wobayidwa mankhwala amenewa amadwala m'masiku ochepa, pamene shuga wa bambo wa zaka 55 wa ku Chitawira anakula mwakachetechete kwa zaka khumi kapena kuposa. Ndiponso ngati maselo onse aphedwa, glibenclamide sapeza kachitseko kotseka, monga zinalili ndi galu wa Loubatières wochotsedwa kapamba, choncho zotsatira zimadalira kuchuluka kwa maselo amene atsala.

Chachiwiri ndi mlingo. Makoswe a ku Tokyo aja ankadya chakudya chimene magawo 8 pa 100 alionse anali mchere wa potaziyamu. Palibe munthu amene angadye motero nkukhala bwino. Ofufuza amakokomeza dala mlingo kuti chimene akufuna kuona chionekere msanga. Pa anthu, kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa ARIC anasonyeza mu 2010 kuti anthu okhala ndi potaziyamu wotsikirapo m'magazi amapezeka ndi shuga kawirikawiri m'zaka zotsatira, koma kuyendera limodzi kwa zinthu ziwiri si umboni wakuti mapiritsi a potaziyamu amachiza shuga. Kubwezeretsa chimene chatayika ndi nkhani ina, kuwonjezera pa thupi limene lili nacho kale chokwanira ndi nkhani inanso.

Chachitatu, chimene ndi chachikulu koposa, ndi impso. Khoswe wa m'labotale amayamba kafukufuku ali wamng'ono, impso zake zili zatsopano, ndipo potaziyamu akachuluka amangomutaya mumkodzo. Wodwala shuga wa zaka zambiri sali choncho. Kafukufuku amene anachitika pa odwala 620 a ku kiliniki ya shuga ya pa Queen Elizabeth, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2010, anapeza kuti pafupifupi atatu mwa anayi alionse shuga wawo sanali pamlingo woyenera, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi zizindikiro zakuti impso zayamba kuwonongeka. Impso zofooka sizitha kutaya potaziyamu bwino. Akaunjikana m'magazi nkudutsa 6.0 kapena 6.5, mtima umatha kusokonekera ndi kuima, nthawi zambiri popanda chenjezo lililonse limene wodwala angalimve. Potaziyamu wochepa amafooketsa pang'onopang'ono, wochuluka amapha mwadzidzidzi.

Pali mankhwala odziwika bwino m'nyumba zambiri amene amakweza potaziyamu. Enalapril, amene amaperekedwa kwa odwala shuga kuti ateteze impso, ndi mmodzi mwa iwo. Spironolactone, wa odwala mtima, ndi wina. Bactrim, amene anthu ambiri omwa ma ARV amamwa tsiku ndi tsiku, amachitanso chimodzimodzi, ndipo brufen ndi diclofenac, amene amagulidwa mosavuta pa vuto la msana kapena mawondo, amawonjezera moto pofooketsa impso. Aliyense payekha, pamlingo wake, savuta kwa munthu wa impso zabwino. Koma akakumana atatu m'thupi la gogo wa impso zotopa, kenaka mdzukulu wachikondi nkubweretsa botolo la mapiritsi a potaziyamu kuchokera ku Johannesburg, ngozi imakhala ili pafupi. Impso zomwezo zikafooka, metformin amachedwa kutuluka m'thupi ndipo mlingo wake umayenera kuchepetsedwa kapena kusiyidwa, pamene glibenclamide amakhalitsa m'magazi nkutsitsa shuga mopitirira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti glibenclamide asamaperekedwe kwa anthu opitirira zaka 60, ndipo m'malo mwake limatchula gliclazide.

Chenjezo lomweli likukhudza mchere watsopano umene ukupezeka m'masitolo ena akuluakulu, wolembedwa kuti uli ndi sodiyamu wochepa. Mumchere wotere gawo lina amaikamo potaziyamu. Ku China, kafukufuku wa anthu 20,995 a m'midzi 600, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021, anapeza kuti mchere wosakaniza magawo 75 a mchere wamba ndi magawo 25 a mchere wa potaziyamu unachepetsa sitiroko ndi 14 pa 100 alionse. Zimenezi ndi zotsatira zabwino ndithu, ndipo mu January 2025 bungwe la WHO linavomereza mchere wa mtundu umenewu kwa akuluakulu. Koma anthu odwala impso kwambiri sanaloledwe kulowa nawo m'kafukufukuyo, ndipo malangizo a WHO sakuwaphatikiza. Wodwala shuga amene sanayezetsepo impso zake sangadziwe mbali imene ali.

Kwa obaya insulini nkhani imakula pa nthawi ya matenda a mwadzidzidzi. Mwana kapena wachinyamata amene wasowa insulini kwa masiku angapo amafika kuchipatala akupuma mwabefu, ali wouma, shuga ali pamwamba zedi. Thupi lake limakhala litataya potaziyamu wambiri mumkodzo ndi m'masanzi, ngakhale kuti muyeso woyamba wa magazi ungaoneke wabwino. Insulini akangoyamba kulowa, amakankhira potaziyamu wotsalayo m'maselo, ndipo wa m'magazi amagwa msangamsanga. Nchifukwa chake madokotala amaika potaziyamu m'diripi, ndipo akapeza kuti watsikiratu amayamba abwezeretsa potaziyamuyo asanapereke insulini. Abale oyang'anira wodwala amatha kuona ngati akuchedwetsedwa, koma kudikirako kumateteza mtima. Mphamvu yomweyi imagwiritsidwanso ntchito mobwerera: munthu amene potaziyamu wake wakwera moopsa amabayidwa insulini pamodzi ndi shuga, ngakhale asakudwala matenda a shuga nkomwe. Kutsekula m'mimba ndi njira ina yotayira potaziyamu mofulumira, monga zinaonekera pa mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo unavuta kwambiri mu Blantyre. Paketi ya Thanzi ORS si mchere ndi shuga chabe, mulinso potaziyamu.

Zimene zili mumsika wa Limbe

Kwa munthu wa impso zabwino, bungwe la WHO linalangiza mu 2012 kuti wamkulu azidya potaziyamu wosachepera mamiligalamu 3,510 patsiku kuchokera m'zakudya, ndipo mchere wa patebulo usapitirire magalamu 5, amene ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi. Nthochi ndiyo inatchuka pa nkhani imeneyi, koma mbiri yake inaposa ntchito yake. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi mamiligalamu pafupifupi 420, ndiye kuti pangafunike nthochi zoposa zisanu ndi zitatu kuti mlingo wa tsiku ukwane, ndipo wodwala shuga amene angachite zimenezo angakonze chinthu chimodzi nkuwononga china. Kapu imodzi ya nyemba zophika imaposa nthochi, ndipo shuga wake amalowa m'magazi pang'onopang'ono. Nandolo, khobwe, nzama, soya, nsinjiro, bonongwe, nkhwani, chisoso, kholowa, matimati ndi mapeyala zonse zili ndi potaziyamu wochuluka. Mbatata ndi mbatatesi zilinso naye, koma izi zimawerengedwa mbali ya nsima, osati ya ndiwo.

Moyo wa m'tauni wasintha mbale m'njira zimene zimachotsa potaziyamu ndi kuwonjezera sodiyamu popanda wina kuzindikira. Chimanga chikakonoledwa, kuviikidwa m'madzi masiku angapo ndi kugayidwa kukhala ufa woyera, gawo lalikulu la potaziyamu limapita ndi madeya ndi madzi a mphale, pamene mgaiwa umasunga zambiri. Masamba akawiritsidwa m'madzi ambiri, madziwo nkutayidwa, potaziyamu amapita nawo limodzi, chifukwa amasungunuka mosavuta. Malo a chidulo anatengedwa ndi soda wa m'paketi, amene ndi mchere wa sodiyamu. Pamwamba pa izi pabwera buledi, soseji, tchipisi chowazidwa mchere chapamsewu ndi tizidutswa tokometsera ndiwo. Mbale yotere, ya mchere wambiri ndi potaziyamu wochepa, ikufanana ndi chakudya chimene ofufuza amakonza dala akafuna kudwalitsa makoswe a Dahl.

Njira yowiritsa ndi kutaya madzi ija, imene ndi kuluza kwa munthu wa impso zabwino, ndiyo imene akatswiri a zakudya amaphunzitsa odwala impso, kuphatikizapo amene amasefedwa magazi ndi makina pa Queen Elizabeth ndi pa Kamuzu Central ku Lilongwe, kuti achepetse potaziyamu m'mbatatesi ndi m'masamba. Choncho malangizo amene apatsidwa mayi mmodzi pamzere wa kiliniki akhoza kukhala oopsa kwa mnzake wokhala naye benchi imodzi, ngakhale onse awiri akumwa metformin yemweyo.

Chimene chimasiyanitsa awiriwa sichioneka ndi maso, ndipo kamakina kobaya pachala sikachiona, chifukwa kamayeza shuga yekha. Pamafunika magazi otengedwa pamtsempha wa pamkono. Muyeso wake madokotala amaulemba pa fomu kuti U&E, nthawi zambiri pamodzi ndi creatinine, ndipo umasonyeza potaziyamu, sodiyamu ndi momwe impso zikusefera. Malangizo a madokotala m'maiko ambiri ndi akuti wodwala shuga aziyezedwa zimenezi kamodzi pachaka, komanso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri atayamba enalapril kapena spironolactone, kapena mlingo wake utasinthidwa. Popita kukayezetsa, wodwala amafunika kunyamula mabotolo ndi mapaketi onse a zimene akumwa, kuphatikizapo mankhwala a ululu ogula pagolosale, a zitsamba ndi mchere wa m'sitolo uja, kuti wolemba mankhwala awerenge yekha zolembedwa pa chilichonse.